Timachila ta Bango

Satifiketi yanga ya uphunzitsi idakhala m'sutikesi chaka chonse choyamba chimene tidakhala kunyanja. Amuna anga adawatumiza ku Senga Bay kukagwira ntchito ya ukalaliki, ine n'kuwatsatira ndili ndi pakati, mwana woyamba ali m'manja. Kusukulu ya pulayimale ya pafupi adati malo adadzaza, ndidikire. Ndidadikira mpaka mwana wachiwiri adayamba kukhala pansi. Ndinkaitulutsa satifiketiyo, kuona ngati njenjete zaiyamba, n'kuibwezera momwemo. Ndidali munthu wamantha, ndisabise. Mwana akatsokomola kamodzi, ine maganizo ali kale kuchipatala. Amuna anga akachedwa kuweruka, ndinkangoti basi alankhula china chake pamaso pa munthu wolakwika, pakuti zidali zaka za chipani chimodzi ndipo pakamwa pankamangitsa.

Pofuna kuti mutu usachite dzimbiri, ndidapempha akulu a mpingo kuti andibwereke kachipinda ka kuseri kwa tchalitchi, momwe ankasungiramo mabenchi othyoka, ndizisonkhanitsamo tiana tosafika pamsinkhu wa sukulu. Adalola. Koma mkulu wa mpingo amene adandipatsa kiyi, bambo wamtali woyenda panjinga nthawi zonse, adandichenjeza ali chigwirire kiyiyo.

"Mayi, tikangomva dandaulo limodzi, titseka. Ife sitifuna kuitanidwa."

Sadanene kumene tingaitanidwe. Tonse tinkadziwa kuti akunena kwa atcheyamani a chipani.

Akhristu m'mudzi umenewo tidali ochepa. Ambiri adali asodzi achisilamu, ndipo masabata oyamba ndinkaimbitsa tiana tosadzaza ngakhale mphasa imodzi. Zinthu zidasintha tsiku limene mayi wina wonenepa, mkazi wa mwini chilimira, khoka lalikulu lija, adabwera akukoka ana ake awiri. Mayi ameneyu akanena mawu kugombe, azimayi onse ankatsatira. Adayang'ana chipindacho, adayang'ana ine, n'kuti, "Aphunzitseni kuwerenga ndi ulemu. Nthano zanu zakutchalitchi auzeni, sizipha munthu, masana akupitanso kumadarasa. Koma asadzabwere kunyumba atabatizidwa, mwamva aphunzitsi?" Adaseka yekha mpaka chitenje kumasuka. Sabata yotsatira chipinda chidadzaza, ena n'kumakhalira pakhomo.

Kukoleji adatiphunzitsa kuti mwana wamng'ono samva ndi makutu okha, amamvanso ndi zala. Ukamuuza nkhani, umupatse choti apange. Ine mfundo imeneyi ndinkaikhulupirira ndi mtima wonse, ndipo mpaka lero ndimaikhulupirira.

Nyengo yozizira itafika, ndidaona khalidwe lina pakati pa ana anga. Wina akagwa, anzake ankangomuzungulira n'kumaseka. Ndidaganiza zowauza nkhani ya munthu wofa ziwalo amene anzake anayi adamunyamula pamphasa kupita naye kwa Ambuye, ndipo atapeza khomo litadzaza adakwera naye padenga, kusasula, n'kumutsitsira mkati. Nkhani imeneyi ndidaisankha ndili ndi chifukwa changa. Nthawi yanga yochira mwana wachiwiri uja idakwana mvula itadula msewu, galimoto isakufika kumudzi. Asodzi anayi a m'mudzimo adandinyamula pamachila a bulangete ndi mitengo iwiri, madzi ali m'mawondo, mpaka kumsewu waukulu wa ku Salima. Nkhope zawo sindidazione bwino, ndinkangoona thambo ndi kumva kupuma kwawo.

Phunzirolo ndidaligawa pawiri. Lachitatu anyamule wodwala, Lachinayi wodwalayo adzuke. Ndidafuna kuti agone akulakalaka kumva mathero ake. Kunyumba ndidaluka timphasa ta mlaza, ndidadula timitengo ta bango, dongo ndidakatapa kudambo. Chofunda cha wodwala ndidachipeza m'sutikesi momwemuja: nsalu ya pabedi yoyera imene ankatilamula kukhala nayo kukoleji. Idali itatha, ndiye ndidaidula tizidutswa osamva chisoni.

Lachitatulo lidayenda bwino kuposa tsiku lina lililonse. Ana adamvetsera kukamwa kuli yasa. Nditafika posasula denga, kamnyamata kena kadaimika dzanja.

"Aphunzitsi, nanga dengalo adakonza ndani?"

"Mawa, mawa," ndidatero mozemba.

Ndidawagawa anayianayi, kuti aliyense akhale mmodzi wa abwenzi aja. Gulu lililonse lidaumba munthu wake wadongo wotalika ngati mkono wa mwana, maso a njere za therere, n'kumugoneka pakamphasa kamene tidamangirira pabango. Nsalu yoyera ija tidamufunditsa kulekeza pachifuwa. Mphepo ya mwera inkalowa pazenera lopanda galasi, ana milomo itatuwa. Pamenepo kamtsikana kena, kachete kwambiri, kadayang'ana wodwala wa gulu lawo n'kuti, "Aphunzitsi, akuzizidwa." Kadakoka nsalu ija n'kumuphimba mutu womwe.

Mtima wanga udasungunuka. Ndidaomba m'manja. "Mwaona anzanga? Uku ndiye kuthandiza!" Magulu onse adaphimba odwala awo. Poona kuti mphepo iulutsa tinsalu panjira, ndidatenga luzi n'kumanga ndekha, kumutu, m'chiuno ndi kumapazi, kamachila kalikonse. Kukoleji adatiuzanso kuti ntchito ya mwana izipita kunyumba makolo akaione. Choncho dzuwa lili pamutu ndidawatulutsa, mwana aliyense atagwira nsonga yake ya bango.

"Pang'onopang'ono! Osathamanga, osasokosa, mungamugwetse wodwala!"

Ndidaima pakhomo, mwana kumsana, kuwayang'ana akutsetsereka kunjira ya kugombe gulu ndi gulu, mitu ili pansi, ali chete ngati akulu. Ndidadziuza kuti aphunzitsi anga akukoleji akadaona zimenezi akadandipatsa satifiketi yachiwiri.

M'mawa mwake kudabwera tiana ta Akhristu tokha tija. Pambali pa khomo ndidapeza timachila titaunjikidwa, tina titathyoka. Ndisadamvetse n'komwe, njinga ya mkulu wa mpingo idaima kumbuyo kwanga.

"Mayi, mwachita chiyani?"

"Ine? Ndaphunzitsa nkhani ya wodwala uja, abambo."

"Wodwala! Mwayendetsa ana ndi maliro pakati pa mudzi. Amuna theka la mudzi ali kuchilumba cha Mbenji, mwera uli chonchi, inu n'kumatumiza ana awo kunyumba atanyamula timitembo."

Adatola kamodzi ndi nsonga za zala n'kundionetsa. Adati Asilamu saika munthu m'bokosi. Amamukulunga mu sanda, nsalu yoyera, n'kumanga kumutu, pakati ndi kumapazi, ndendende mmene ndidamangira ine, kenaka amuna n'kumunyamula pa jeneza, machila awo a maliro. Ine kwathu n'kumtunda, ku Dowa, kumene maliro amapita m'bokosi. Jeneza ndinkaliona chapatali litafundidwa, ndipo ndikaliona ndinkathawira m'nyumba ndi ana. Za mkati mwake sindinkazidziwa. Koma chimodzi chokha ndinkachidziwa kuyambira ubwana wanga: mwana akamasewera maliro, akulu amamukalipira, amati akuitana imfa pamudzi.

"Akuti mukulodza amuna awo," adatero mkulu uja. "Akuti Loweruka apita nayo kwa atcheyamani. Bweretsani kiyi. Bola tikanene kuti tatseka kale tokha."

Komabe kiyi ndidaifumbata. Ndidawapempha kuti andipatse tsiku limenelo lokha, ndipo sindikudziwa kumene mawuwo adachokera. Adapukusa mutu, nakwera njinga yawo.

Masana amuna anga atabwera kudzadya, adamva nkhaniyo n'kuika dzanja pachipumi. "Amake mwana, musapiteko. Mukakalankhula mukaonjeza. Perekani kiyi, tikhale chete, ziiwalika." Sankanama, anthu ambiri masiku amenewo ankapulumuka n'kukhala chete. Koma ndikaganiza zoti ana aja adzakula akudziwa kuti mphunzitsi wawo woyamba adali wolodza, ndi kuti munthu wa m'nkhani ija adathera momangidwa m'nsalu, ndinkaona kuti chete ameneyo andidwalitsa. Iwo atabwerera kuntchito, ndidasiya wamkulu kwa aneba, ndidabereka wamng'ono, ndidaika kamachila kamodzi kosathyoka m'dengu n'kuvundikira, ulendo wa kugombe.

Ndidapeza azimayi ali pathandala, akutembenuza usipa woyanika. Atandiona, manja onse adaima.

"Odi, amayi. Mwaswera bwanji?"

Mayi wonenepa uja adapukuta manja pachitenje, n'kunena mokweza kuti onse amve, "Tayalani mphasa, abwera adzukulu athu. Manda mwakumba kale, aphunzitsi, kapena mwabwera kudzayeza?"

Ndidagwada pamchenga. Nditavundukula dengu, azimayi adabwerera m'mbuyo, wina n'kukuwa, "Asitaghafirula! Bwezani chimenecho!" Sindidabweze. Mfundo yoyamba ndidaimasula ndi mano. Ndidachotsa nsalu yonse n'kumuimika munthu wadongo uja m'manja mwanga.

"Amayi anga, uyu si maliro. Ndi wodwala. Taonani, maso ali gwa."

Mayi uja adasendera, nasuzumira. "Maso a therere," adatero. "Nanga kwanuko wodwala mumamuphimba kumaso?"

"Ayi."

"Ndiye adaphimba ndani?"

Kamtsikana kachete kaja kadali pomwepo, katabisala kuseri kwa chitenje cha mayi ake, kakundiyang'ana ndi diso limodzi. Ndikadangonena zoona, kakadagona ndi mikwingwirima tsiku limenelo chifukwa cha chifundo chake.

"Ndine," ndidatero. "Ndidaopa mphepo. Kumanga ndidamanganso ndine. Za sanda sindinkazidziwa, kwathu kulibe."

Kenaka ndidawauza nkhani yonse, mmene ndinkauzira ana, kuyambira pakhomo podzaza mpaka padenga. Ndidawauzanso mbali imene ana adali asadamve, yoti munthuyo adadzuka, adapinda mphasa yake, n'kupita kwawo ndi miyendo yake. Ndidati kudzukako ndidakusungira lero.

"Ndiye mudati ayambe wagona m'nyumba zathu usiku wonse ali chimangidwire, adzuke mawa?" adafunsa mayi uja. "Koleji imeneyo ankakuphunzitsani ndani, mwana wanga?"

Ena adayamba kuseka chamumtima, koma nkhope zambiri zidali zolimbabe. Pamenepo mwana kumsana adayamba kulira. Ndidamutembenuzira kutsogolo kuti ayamwe, ndipo mawu adangobwera okha.

"Mwana uyu mukumudziwa mmene adabadwira. Chaka chatha, mvula itadula msewu, adandinyamula ine ndi amuna a mudzi uno. Sindine wachibale wawo, sindipemphera nawo. Mayina awo sindiwadziwa, sindidawathokoze n'komwe, manyazi adandigwira. Ndimafuna ana anu adziwe ntchito imene abambo awo adagwira. Anayi aja a m'nkhani, ine ndimaona amuna anu."

Mayi wonenepa uja adandiyang'ana nthawi yaitali, kenaka adagwira m'chiuno.

"Anga adali kutsogolo," adatero. "Sabata yathunthu ndinkawathowa phewa ndi madzi otentha. Ankati, mkazi wa akalaliki uja pomuona ngati bango, koma kulemera ngati thumba la mchere lonyowa!"

Thandala lonse lidaphulika. Wina adati ake adataya nsapato za nkhwaila m'matope tsiku limenelo ndipo mpaka lero amazidandaula. Wina adati ndiwalipire ndi mwanayo akadzakula azikapalasa bwato. Ine ndinkaseka misozi ikutsika, osadziwa kuti ikutsikira chiyani.

Mmodzi yekha sadaseke, mayi wa kamtsikana kachete kaja. Adali wamng'ono kuposa ine, ndipo mwamuna wake adali ku Mbenji ulendo wake woyamba.

"Inu mukuseka," adatero. "Mwana wanga adalowa nacho chinthuchi m'nyumba n'kukachigoneka pamphasa ya abambo ake. Pamphasa pawo penipeni. Ine ndagona maso ali gwa ngati chidole chanucho."

"Pepani, achemwali."

"Pepani wanuyo sungani. Akadzabwera amuna anga ndiye ndidzamumve."

Adakoka mwana wake n'kuchoka. Ngakhale lero ndikaganiza sindipeza chimene ndikadanena.

Mayi wonenepa uja ndiye adagamula. Adati dongo lonse libwerere kudambo kumene lidachokera, tinsalu ndiotche, ndipo nsalu yoyera isadzaonekenso m'chipinda chija. Nditafunsa za kwa atcheyamani, adagwedeza dzanja ngati akuingitsa ntchentche. "Amenewo ndi alamu anga, asiyireni ine. Nkhani ya ana ndi yathu azimayi." Pamenepo ndidalimba mtima n'kuwapempha kuti abwere okha adzaone munthuyo akudzuka. Adati mawa ndi Ijumaa, tsiku lawo lopemphera, adzaona Lolemba. Sadalonjeze.

Masiku atatu amenewo ndidaonda. Dongo ndidakataya, tinsalu ndidaotcha, kiyi ndinkagona nayo pansi pa pilo. Loweruka njinga iliyonse yodutsa pakhomo ndinkaiyesa mthenga wa atcheyamani. Lamulungu kutchalitchi mkulu wa mpingo adandiyang'ana, ine n'kuyang'ana pansi, koma kiyi sadaitchule.

Lolemba ndidatsekula chipinda m'mamawa, ndidasesa kawiri. Dzuwa litakwera pang'ono ndidamva phokoso kunjira ya kugombe. Adali iwo, mayi wonenepa uja patsogolo, ana ali m'mbuyo ngati anapiye, azimayi ena angapo akutsatira. Pamutu adasenza thumba la zigamba za zitenje zimene adakapempha kwa mchimwene wawo, telala wa pamsika. Adalikhuthula pansi: zamaluwa, zofiira, zobiriwira, zachikasu.

"Nazi zofunda za odwala anu. Sankhani yoyera muione."

Azimayiwo adakhala pamabenchi othyoka aja, ine n'kumaliza nkhani ija. Nditati munthu uja adadzuka, ndidauza ana onse kuti agone pansi, ndipo nditaomba m'manja adadzambatuka akukuwa. Adafuna kubwereza, tidabwereza mpaka fumbi lidadzaza chipinda. Kamnyamata kaja sikadaiwale funso lake.

"Aphunzitsi, nanga denga?"

Ndisadatsekule pakamwa, mayi uja adayankha ali pabenchi. "Anayi omwewo! Adasasula ndi iwo, adakafoleranso ndi iwo. Ukufuna mwini nyumba anyowe chifukwa cha mnzako?"

Tidaumba munthu woimirira. Ntchito imeneyi idali yovuta kuposa yoyamba, chifukwa dongo lanthete silifuna kuima. Oyamba onse adakhala pansi okha. Tidapeza nzeru yolowetsa kabango m'mwendo uliwonse, komabe miyendo idatuluka yonenepa ngati mitondo. Tidawaveka zigamba zamaluwa, kamphasa kopindidwa pamutu. Azimayi amene adabwera kudzangoonerera adapezeka ali pansi, manja ali dongo lokhalokha, akukangana ndi ana awo za kukula kwa mphuno. Mkulu wa mpingo adasuzumira pazenera, adaona, n'kukankha njinga yake mwakachetechete.

Pambuyo pake ndidapeza malo kupulayimale, ndipo ndaphunzitsa zaka zambiri m'masukulu a njerwa, ana anga ena n'kukhala anamwino ndi aphunzitsi. Koma munthu akandifunsa chimene ndimanyadira pa ntchito yanga, ndimanena za masana aja, pamene mtsikana wamantha ngati ine adatsetserekera kugombe ndi dengu, amuna ake atamuletsa, mkulu wa mpingo atamuuza kuti atseke. Sukulu ija sidatsekedwe. Ndipo kuyambira sabata imeneyo, mwana akagwa pabwalo ndinkangofuula kuti, "Anayi ali kuti?" n'kuona tiana tikuthamangira kukamudzutsa, nthawi zina asanu ndi mmodzi, mpaka kumugwetsanso.

Malo amodzi okha pamphasa adakhala opanda munthu. Kamtsikana kachete kaja sikadabwere Lolemba limenelo, kapena Lolemba lotsatira. Mwera ukawomba kwambiri ndinkaima pakati pa nyimbo n'kutchera khutu kugombe, kuopa kumva kulira. Ndinkapempherera mwamuna amene nkhope yake sindinkaidziwa, ndipo ndinkadziwa bwino kuti bwato lake likadachita ngozi, ngakhale mayi wonenepa uja sakadanditchinjiriza.

Mphepo itayamba kugwa, tsiku lina m'mawa ndikuimbitsa ana, ndidaona mthunzi pakhomo. Adali mayi wachitsikana uja, mwana wake ali kudzanja.

"Afika dzulo," adatero. "Onse a m'bwato mwawo. Alihamudulila."

"Mulungu atamandike, achemwali."

Adayang'ana pansi, nakankhira mwana mkati. "Akuti anzake onse ali ndi munthu woimirira, iye yekha alibe. Wandisowetsa mtendere."

Dongo lidali litatha, lotsala litauma gwa. Ndidayang'ana ana, ndidayang'ana kudambo, ulendo wake wosakwana nthawi yophikira tiyi. Ndidamasula mwana kumsana n'kumupereka m'manja mwake. Aka kadali koyamba kuti mwana ameneyu ndimusiye ndi munthu amene si bambo ake.

"Tandigwirireni uyu, muziyang'anakonso enawa. Akalira musamupatse kanthu, ndikubwera pompano."

"Pitani, aphunzitsi," adatero akumuika paphewa. "Ifenso tidalera."

Ndidatenga khasu ndi beseni n'kuthamangira kudambo.